Minga ya Kampango ya Neema

Neema, mwana wa mlongo wanga, amaphunzira pa yunivesite mumzinda wa Dar. Amawotcha minga ya nsomba n'kuumba tizidutswa ta mabowomabowo toti fupa la munthu likaphwanyika lizimerapo. Anandipempha kuti ndimusonkhanitsire minga ya kampango kuno ku Mbamba Bay, yowiritsa m'madzi okhaokha.

Koma kampango wonona chonchija, ndani angamuphike wopanda mchere? Ndinathira mchere ndi pilipili, tinadya. Mingayo ndinaitsuka ndi sopo kuti asadziwe, n'kuitumiza pa basi.

Sabata yatha anandiimbira foni, mawu ali pansi. "Amalume, ntchito yonse yawonongeka. Aphunzitsi akuti china chake chinalowa m'mingamo. Kapena ndine wosasamala."

Mpata woulula unali pomwepo. Ine ndinakhosomola n'kunena kuti, "Uzisamba m'manja, mwanawe."

Ndipo mwanayo anandithokoza.