Mayi Fauziya Anagulitsa Dziwala

Inu amene mukuti zanu zathera pompo, khalani kaye pansi ndikuuzeni za mayi Fauziya, wojambula zithunzi wa pa Nselema.

Linali Lachiwiri masana, pakhonde la nyumba ina kuseri kwa msika. Mayi Fauziya anakhala pamphasa, envulopu ya zithunzi ili m'manja, koma manjawo akukana kuipereka. Woidikira anali Asiya, mtsikana amene anali atangokwatiwa kumene. Ukwati wake, umene Asilamu akumeneko amati ndowa, anajambula ndi mayi Fauziyawo. Patangotha masabata awiri ndowayo itachitika, mayi ake a Asiya anamwalira.

Asiya sanalabadire zithunzi za mpunga ndi nyama ya mbuzi, ngakhale za mwamuna wake atavala mkanjo woyera. Anazidumpha zonsezo. Ankafuna chimodzi chokha, chija anajambulitsa kuchipinda, mayi ake odwalawo atadzuka pabedi movutikira n'kumumanga mpango kumutu. Atachipeza anachiyang'ana nthawi yaitali. Chinali bii ngati kunsi kwa mphika. Munkangooneka kadontho koyera pakona, pamene panali zenera.

"Anti, amayi ali pati apa?"

Malemuwo sanajambulitsepo chibadwire, kupatula kaja ka pachiphaso cha unzika, kamene munthu amaoneka ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. Asiya anabwezera zithunzi zonse mu envulopu n'kuipereka ndi manja awiri, atagwada. Bola akanatukwana. Ulemu umenewo unawapweteka mayi Fauziya kuposa chipongwe.

Nkhani pa Nselema sidikira minibasi. Pofika Lachisanu, amayi apamjigo anali ataimva yonse, ena atawonjezerapo zawo. Banja lina la ku Nayuchi limene linawaitana kuti adzajambule ndowa linatumiza uthenga woti asavutike. Lina linangokhala chete. Mwezi wathunthu unatha foni yawo isanalire ndi kamodzi komwe za ntchito.

Kuti mumvetse kugwa kumeneku, muyenera kudziwa kumene mayiwa anachokera.

Wojambula weniweni anali mwamuna wawo, a Abdulrahim. Iwo ankangowathandiza kukunga nsalu yakumbuyo ndi kuuza ana kuti aseke. A Abdulrahim anali ndi galimoto yakalekale yobiriwira, ya zitsulo zonyezimira kutsogolo, yopangidwa mkazi wawoyo asanabadwe. Anthu anaitcha Dziwala chifukwa cha mtundu wake ndi mmene inkadumphira m'mabampu. Bamboyo atamwalira, abale ake anabwera n'kusesa m'nyumba. Anatenga mipando, wayilesi, makina osokera, mpaka beseni. Dziwala anamusiya, poti anali atakhala pa njerwa wopanda matayala, nkhuku zikuikiramo mazira. Chimene sanadziwe n'choti pansi pa mpando wa dalaivala panali kamera.

Mayi Fauziya anaitola kamerayo n'kuyamba kuyenda wapansi. Posakhalitsa anazindikira chinthu chimene amuna ojambula analibe. Pa ndowa, mkwatibwi amavekedwa kuchipinda, ndipo mwamuna salowako ngakhale atanyamula kamera yagolide. Amadikira panja ndi anzake. Mayi Fauziya ankangovula nsapato pakhomo n'kulowa. Misozi ya mayi ndi mwana wake, maseko a azakhali, zonse zimene zimachitika chitseko chili chotseka, ankajambula ndi iwo okha. Dzina lawo linafika ku Ntaja mpaka ku Chiuta.

Pang'onopang'ono anamudzutsanso Dziwala, tayala limodzi chaka chino, lina chaka chamawa. Anaphunzira kuyendetsa ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, anyamata apasiteji akuwaseka. Galimotoyo inawanyamula zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankaipukuta m'mawa uliwonse, ndipo akakhala mkati ankamvabe ngati a Abdulrahim angotsika kumene kukagula mtedza.

Apa ndiye pamene panali vuto, ndipo ine sindiwabisira. Kamera yafilimu itatha ntchito, anagula ina yaing'ono yogwiritsidwapo kale, ndipo anaikama zaka khumi ndi chimodzi. Kagalasi kakumbuyo koonera chithunzi kanasweka, iwo n'kumajambula mongoyerekeza. Kachitseko ka batire anakamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Fulashi inkayaka ikafuna. Iwo ankadziwa bwinobwino kuti kamerayo ikufa. Koma kangachepe kalikonse kakalowa, Dziwala ankatsokomola, kangachepeko n'kupita kwa makaniko. Ankadyetsa galimoto, chida chowadyetsa iwo chikugona ndi njala.

Mwezi wachete uja, tsiku lina anatuluka panja n'kuima pakati pa zinthu ziwirizo. Uku Dziwala ali ndi batire latsopano, akunyezimira. Uku kamera ili ndi mphira m'chiuno. Anachita manyazi okhaokha popanda wowaona. Anadziuza kuti Asiya sanalakwiridwe ndi mdima wa m'chipinda, iyayi, analakwiridwa ndi Fauziya. Kenako anatenga foni n'kuimbira a Bizwick.

A Bizwick anali makaniko wa ku Balaka, wokonza magalimoto akale n'kumawabwereketsa pa maukwati. Chaka chilichonse ankamufunsira Dziwala, ndipo chaka chilichonse ankauzidwa kuti akagule wawo. Ulendo uno anangoti kukamwa yasa.

Loweruka m'mawa mayi Fauziya anaipukuta galimotoyo komaliza. Dziwala uja wozolowera kukankhidwa ndi anthu anayi analira pa kiyi woyamba, ngati akufuna kuwakopa kuti asinthe maganizo. Anadutsa Ntaja, anatsetsereka mapiri a Machinga, anawoloka Shire pa Liwonde, osaima paliponse, poopa kuti akaima atembenuka.

A Bizwick anaizungulira galimotoyo kawiri, kenako anawayang'ana kumaso.

"Mayi, mwatsimikiza? Mukadzabwera mawa mukulira, ine sindidzabweza."

"Achimwene, galimoto iyi yandinyamula zaka zambiri, ndipo ndimaikonda. Koma sijambula."

Anamasula mikanda yopempherera ya malemu amuna awo imene inkalendewera pagalasi, anaiika m'chikwama, n'kupereka makiyi. Sanacheuke. Koma musaganize kuti anali chitsulo. M'basi yopita ku Limbe kukagula kamera analira mpaka mayi woyandikana nawo anawafunsa kuti maliro ali kuti.

Mwina mukuganiza kuti atagula kamera yatsopano zonse zinayera. Ayi ndithu, zinayamba zaipiraipira. Chinthucho chinali cholemera, mabatani mbwee, ndipo chilichonse cholembedwa mkati chinali m'Chingerezi chimene iwo anachisiya Sitandade 6. Zithunzi zoyamba zinatuluka zachimbuuzi, anthu ngati mizukwa. Pamsika anthu ankanong'onezana kuti Fauziya wasinthanitsa ng'ombe ndi kabokosi. Akamadutsa pa kabaza, ena ankafunsa mokweza kuti kodi Dziwala wauluka.

Iwo anangoluma mano. Anapita kwa mayi Tamara, mnzawo wamsinkhu umodzi amene ali ndi sitolo yotsukira zithunzi ku Balaka, n'kuwapempha kuti awaonetse ngati mwana wa Sitandade 1. Anagula kope, ndipo batani lililonse analipatsa dzina lawolawo. Ili ndi la mdima, ili ndi la anthu othamanga, ili osaligwira. Akafika kunyumba ankatseka mazenera masanasana n'kumajambula dzanja lawo, ketulo, nkhuku, chilichonse. Chikatuluka chakuda, ankafufuta n'kuyambiranso. Anakajambula m'chigayo, ufa uli tolo. Anakwera kabaza mpaka ku Chiuta, kamera ataikulunga m'zitenje ziwiri kuopa fumbi, n'kukalowa m'tizisakasa momwe amayi amawambira nsomba, mmene muli utsi ndi mdima wokhawokha. Maso ankatuluka misozi, iwo akudinabe. Amayi owamba nsombawo ankawaseka kuti ajambula utsi.

Inatha miyezi inayi. Tsiku lina, m'kachisakasa komweko, anayang'ana pa kagalasi n'kuona nkhope ya mayi wina ili mbee, thukuta likuoneka pamphumi, ngakhale ulusi wa mpango wake ukuwerengeka. Anakhala pansi pa nkhuni n'kunena kuti Alhamdulillah.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti Ayisha, mng'ono wake wa Asiya, amanga ndowa chikondwerero cha Idi chikadutsa. Banjalo linali litapeza kale mnyamata wa vidiyo wa ku Ntaja woti ajambule panja, ndipo kuchipinda anati angogwiritsa ntchito mafoni. Mayi Fauziya sanaitanidwe, koma ananyamuka wapansi kupita kwa Asiya. Ulendo woyamba anauzidwa kuti wachokapo, chonsecho nsapato zake zili pakhomo. Ulendo wachiwiri Asiya anatuluka, anawapatsa moni, n'kuwauza mwaulemu kuti zonse zakonzedwa kale. Ulendo wachitatu anatenga zithunzi za amayi a ku Chiuta n'kuziyala pamphasa.

"Mwanangu, mayi ako sindingakubwezere. Ndinkadziwa kuti kamera ija ikufa, koma ndinabwera nayobe pa ndowa yako. Ndinakulakwira. Ndilole ndilowe m'chipinda chija kamodzi kokha."

Asiya anatola chithunzi chimodzi, anachiyang'anitsitsa, kenako anafunsa ngati n'zoona kuti Dziwala anagulitsidwa. Atamva kuti inde, anati:

"Bwerani, anti. Koma musandilonjeze kanthu."

M'mawa wa ndowa, mayi Fauziya anavula nsapato pakhomo n'kulowa. Chipinda chinali chomwe chija, bedi lomwe lija, kazenera komwe kaja kotchingidwa ndi nsalu. Itafika nthawi yomanga mkwatibwi mpango, amayi onse anayang'anana, poti mwini ntchitoyo kunalibe. Asiya anatsegula sutikesi, anatulutsa mpango wa malemu mayi ake, n'kuima kumbuyo kwa mng'ono wake. Mayi Fauziya anatembenuza batani lawo la mdima n'kudina. Anayang'ana pa kagalasi, ndipo sanauze munthu chimene anaona.

Popita kukatsukitsa ku Balaka anakumana ndi Dziwala pamsewu, atamangidwa maliboni, mkwatibwi wina ali kumbuyo, a Bizwick akuliza hutala. Mtima unawawa, osanama. Anakweza kamera, anamujambula, n'kupitiriza ulendo.

Lachiwiri lotsatira anakhalanso pakhonde lija, pamphasa yomwe ija. Asiya anadumphanso zithunzi za mpunga ndi za mkanjo mpaka anafika pa chakuchipinda. Chinali chowala bwino. Ayisha anakhala pabedi maso ali pansi, ndipo kumbuyo kwake kunali mzimayi atapendeketsa mutu, ataluma mlomo wam'munsi mbali imodzi, zala zikukoka mfundo ya mpango. Asiya anali asanadzionepo akugwira ntchito. Sankadziwa kuti amapendeketsa mutu choncho, kapena kuti amaluma mlomo choncho. Anaitana mng'ono wake, amene anabwera kudzaona zithunzizo, n'kumupatsa chithunzicho.

Ayisha anangochiyang'ana kamodzi n'kugwira pakamwa.

"Achemwali, awatu ndi amayi."

Analira onse atatu pakhondepo, ndipo panalibe wotonthoza mnzake. Misozi itaphwa, Asiya anapukuta chithunzicho ndi nsonga ya chitenje n'kupempha mayi Fauziya kuti akatsukitse china chachikulu, choti chikhale pakhoma.

Lero mukafuna mayi Fauziya pa ndowa yanu, muwauziretu miyezi iwiri isanakwane. Galimoto alibe. Amafika pa kabaza, kamera ili m'zitenje ziwiri, mikanda ya a Abdulrahim itamangidwa pa lamba wake.

Tsono inu amene mwalakwitsa ndipo anthu akukulozani zala, vomerani msanga pamene munalakwa. Yang'anani bwino chimene mukuchipukuta m'mawa uliwonse pamene chida chokudyetsani chili chomangidwa ndi mphira. Ngati n'kofunika kuchisiya, chisiyeni, lirani m'basi, mukafika muyambe kuphunzira ngakhale akusekeni. Akakubwezani kawiri, pitaninso kachitatu. Musataye mtima, abale anga, chipinda chimene munagweramo mukhoza kulowamonso.