Mafunso a pa Foni ndi Atate Anga

Atate atapuma pa ntchito ya njanji anangokhala phee pakhonde ku Nangongwe, n'kumati iwo anatha ntchito ngati tayala lakale. Zinkandiwawa. Tsiku lina kutchalitchi anationetsa mafunso a pa foni oyeza mphamvu za khalidwe la munthu: chifundo, kulimba mtima, kukhululuka ndi zina. Ndinati awa ndiwo mankhwala a atate, aone okha kuti adakali munthu.

Ndinayamba kuwawerengera. "Mumathandiza anzanu musanapemphedwe?"

"Lemba iyayi," anatero.

"Mumanena zoona ngakhale zitavuta?"

"Iyayi. Iwe, munthu saziyamikira yeka. Ni anzake amakamba."

Mafunso onse yankho linali lomwelo. Zotsatira zitabwera, timizere tonse toonetsa mphamvuzo tinali tifupitifupi. Atate anayang'anitsitsa, nabweza foni mwaulemu. "Waona? Na foni yaziba kuti ninasila, ninatha ntchito." Ndinafuna kudzimenya khofi.

M'mawa mwake ndinawagwira pa mawu awo omwe. Ndinatenga foni kupita nayo kumsika kuti anzawo awayankhire. Mayi wogulitsa nsomba za ku Chanyanya anasiya makasitomala ataima. "Chifundo? Faka pamwamba! Mwana wanga atadwala, ndiwo anamunyamula pa njinga mpaka ku kiliniki." Wokonza nsapato anati atate sanayambe amunamizapo, ngakhale pa bawo. Anthu anaunjikana, aliyense ndi nkhani yake, zina zimene ine mwana wawo sindinkazidziwa. Titafika pa kukhululuka, onse anaphulika kuseka. Wokonza nsapatoyo anati atate akadakumbukirabe munthu amene anawabwereka pampu ya njinga n'kuibweza yothyoka, ine ndisanabadwe.

Ndinabwerera kunyumba n'kuwawerengera zonse, komanso amene wanena. Tsopano timizere tija tinali titatalika, kupatula kamodzi. Anamvetsera atazolika, akupukuta magalasi amene anali oyera kale. Pa nkhani ya mwana wodwala uja anatsokomola kawiri, ndipo ine misozi inalengeza.

"Nanga aka kamuzere kafupi pansi apa?" anafunsa.

"Kukhululuka, atate."

"Ndani wakamba?"

Ndinawauza. Anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka atavala jekete ndi chipewa, zimene zinakhala pa msomali miyezi yambiri. Anati akupita kumsika kukamufotokozera bwinobwino wokonza nsapatoyo za pampu ija. Anabwerako madzulo mawu atasasa, ndipo mawa lake anapitanso.