Motoka Imene Inandinenera

Dzulo makanika anamata timawaya pansi pa motoka yanga, navala zomvera m'makutu kuti apeze chimene chikugogoda. Ndinaseka ndekha, chifukwa ndinakumbukira batate, bambo anga, amenenso anali makanika.

Iwo analibe timawaya. Ku Chawama, mu Lusaka, masiku amene tinkagona pamzere wa sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, ankagunditsa sikuludiraiva yaitali pa injini, chigwiriro chili kukhutu, maso atatsinzina. Ine ndinkakhulupirira kuti motoka zimawanong'oneza zinsinsi.

Tsiku lina takisi ya ba Tembo, aneba athu, inayamba kulira gobedegobede. Sipeya zinali zitasowa m'Lusaka monse, ndipo takisiyo ndiyo inkadyetsa ana awo onse. Ba Tembo anaonda m'mawa umodzi. Matenda a takisiyo ndinkawadziwa ndine: miyala yanga ya chiyato, imene ndinaiponya m'mpata wa galasi la chitseko pobisira mkulu wanga, yemwe ankakonda kundilanda.

Batate anamvera injini mpaka masana, thukuta ndi gilisi zili chuchuchu. Kenaka anandiyang'ana, sikuludiraiva ikadali kukhutu.

"Yakamba vinthu vambiri iyi motoka."

Ndinayamba kulira. "Ni yaboza, batate. Ninaikamo itatu chabe!"

Atamasula chitsekocho, inagwa miyala isanu ndi iwiri. Ba Tembo anakhala pansi m'fumbi, akuseka mpaka misozi, ndipo kwa chaka chathunthu ndinkaizungulira patali takisi yamiseche ija.

Ndinazindikira ndili mayi kale kuti injini sinawauze kanthu batate. Tsiku limenelo anawerenga nkhope yanga.