Mankhwala a achimwene m'munda wa mapira

Dzulo mdzukulu wanga anandibweretsera bwemba. Nditangolawa, kuwawasa kuja kunandibwezera pabwalo la sukulu yathu kwa Tengani, tsiku la mpikisano wothamanga.

Ife atsikana tinkakhala pamthunzi titagwirana manja, tikuuzana poyera kuti mitima ikugunda. Anyamata ankangodziguguda pachifuwa, ndipo wophokosera kuposa onse anali achimwene anga a Zuze. Koma ine ndinkawakayikira. Mpikisano uliwonse, wezulo isanalire, ankazemba n'kulowa m'munda wa mapira kuseri kwa sukulu, n'kutulukamo maso ali psuu, akutafuna kanthu. Ndinati apa pali mankhwala basi.

Tsiku limenelo ndinawalondola monyang'ama. Ndinawapeza atagwada pakati pa mapesi, akusanza. Atatha, anapukuta pakamwa n'kuponyamo bwemba.

"Achimwene, mundigawireko mankhwalawo," ndinatero, "apo ayi ndikakunenerani kwa amayi."

Anadzidzimuka, kenako n'kundipatsirako bwemba uja. "Tenga. Koma ukangouza munthu, asukuluka."

Ndinatafuna n'kumadikira kuti nanenso ndisanze, poganiza kuti ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito. Sindinasanze. Ndinathamanga pamchenga wotentha uja mtima uli phaphapha, n'kukhala wachitatu. Iwo kwa anyamata anapambana. Chaka chonse ndinawasungira chakukhosi, ndikuti anandipatsa bwemba wamba, weniweniyo n'kubisa.

Ndinachita kukula kuti ndizindikire kuti mantha athu anali amodzimodzi. Kungoti anga ankaloledwa kukhala pamthunzi anthu akuona, pomwe awo ankayenera kukawasanzira m'mapira.