Ankati Amayi Anenepa

Inu owerenga, ine ndinasekerera matenda amene anapha amayi anga. Ndili m'giledi 11, ndipo ndikulemba izi kuti wina asapuse monga ndinapusira ine.

Atate atatisiya n'kupita kwa mkazi wina ku Matero, amayi anaonda kwambiri. Muno mu Kanyama kuonda si nkhani ya iwe wekha. Pampopi azimayi ankanong'onezana kuti amayi ali ndi "vija", kutanthauza edzi, ndipo ena analeka kugula tomato patebulo pawo.

Ndiye thupi litayamba kubwerera chaka chatha, tinakondwa. Miyendo inakula, mimba inatuluka, mapatapata anayamba kuwathina. Bana Mutale, a nyumba yoyandikana nafe, ankafuula ali pakhomo pawo: "Ba neba, mwanenepa! Kapena mwapeza ba mudala ena?" Amayi ankaseka, makasitomala nawo anabwerera.

Koma ankati akasenza chidebe cha madzi, amaima kawiri panjira, akupuma ngati athamanga. Chifuwa sichinkatha. Kugona chagada kunkawabanikitsa, moti ankagona chokhala, atatsamira khoma. Tsiku lina ndikuwadzoza mafuta ndinadina mwendo wawo ndi chala. Panatsala kadzenje kosabwerera msanga. Ndinaseka, inu, ndinaseka!

Atakomoka kumsika ndi pamene tinapita kukiliniki, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu. Dokotala anadina mwendo monga ndinachitira ine, koma iye sanaseke. Anamvetsera m'chifuwa, anayang'ana mtsempha wa m'khosi umene unali wotupa, n'kuwajambula mtima ndi makina. Anatiuza kuti si mafuta ayi, ndi madzi. Mtima unali utakula n'kutopa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri, ndiye madzi ankadzaza m'miyendo, m'mimba ndi m'mapapo. Anawapatsa mapiritsi, ena ochotsa madziwo, n'kuwauza kuti achepetse mchere.

Mankhwala anagwira. Amayi anayamba kugona bwino, koma thupi lija linaphwa. Bana Mutale atawaona anagwira pakamwa: "Iye, ba neba! Vabwelanso vija?" Sabata yomweyo tomato anawolera patebulo.

Patapita masiku ndinapeza mapiritsi ochotsa madzi aja atabisidwa m'chitini cha mabatani. Nditafunsa, amayi anati, "Iwe mwana, ndani azagula tomato kuli munthu woonda? Leka thupi ibwele." Ndinatseka chitinicho n'kuchibwezera pamalo pake. Ndimadzinamiza kuti unali ulemu, poti mwana satsutsa kholo. Zoona zake n'zakuti nanenso ndinali nditatopa ndi kulozedwa zala kusukulu.

Thupi linabwereradi, ndipo anthu anayambanso kuwatama. Kenaka m'mawa wina mpweya unawathera tili m'minibasi, tisanafike kuchipatala.

Pamaliro, amene analira mokweza kuposa onse anali Bana Mutale: "Munthu wa thupi so, angafe bwanji?" Mpaka lero sindiwapatsa moni.

Inu owerenga, wanu akatupa miyendo, akamabanika pogona, akamatopa ndi kamtunda kakang'ono, musamutame. Dinani mwendo. Pakatsala dzenje, thamangani naye kuchipatala, ndipo mankhwala azimwa inu mukuona, ngakhale akukalipireni. Apampopi sadzakulerani. Ine ndikufuna kudzakhala nesi, ndipo chitini chija ndachisunga. Amayi oonda bwenzi ndikanali nawo. Onenepa aja tinawaika m'manda.