Mavu mu Mpini wa Gofu

Achikulire okonza ndodo za gofu ku Kamitondo salumikiza mutu ku mpini asanasuzumire m'chibowo chake, diso limodzi atatsinzina. "Mpini wosaonetsa dzuwa ukubisa mlandu," amatero, aneba n'kumawaseka.

Lachisanu lina dzuwalo silinaoneke mu mpini wina. Mpiniwo unali wa dokotala wina wa ku Ndola, ndipo mpikisano wake unali mawa lake. Achikulirewo anaopa kuti chitsulo chaphwanyikira m'kati chili m'manja mwawo. Analowetsa waya pang'onopang'ono, n'kugogoda mpiniwo pabenchi. Munagwa timibulu ta dothi ndi akangaude ouma. Mavu anali atamangamo nyumba.

Mtima utakhala pansi, anaimba foni. "Adokotala, ndodo yanu sikudwala ayi. Munangolowa alendo, ndawaperekeza."