Mphunzitsi Wopuma ndi Kompyuta Yamiseche

Ku Katawa, kumpoto, kuli bambo ena, mphunzitsi wopuma pantchito, amene sakhulupirira kompyuta yawo. Amati makina a masiku ano ali ngati mlendo wamiseche: amakhala phee m'nyumba mwako, koma chilichonse chimene walemba amakachitula kwa amene anawapanga. Kompyutayo ikawafunsa kumene ali, amakana. Ikawafunsa dzina, amalemba la malemu amalume awo.

Chaka chatha adokotala anawapeza ndi matenda a shuga, iwo n'kubisira ana awo. Anangofufuza mwakachetechete pa kompyutapo zakudya zoyenera. Posakhalitsa mwana wawo Marjorie anatulukira kuchokera ku Lilongwe, maso ali psuu, akufunsa chifukwa chake anamubisira.

"Ndinanena ine! Makinawa andiulula!" anakuwa bambowo.

"Adada, makina ati? Anandiimbira ndi amayi aja ogulitsa tomato pafupi ndi nyumba ino. Akuti munkauza anzanu a ku Nkhata Bay pafoni, muli pakhonde, msewu wonse ukumva."

Bambowo anaseka mpaka misozi. Lero nkhaniyi amaikamba okha: "Opanga makinawa asavutike kunditumizira akazitape. Yewo chomene, zikomo kwambiri, ntchitoyo ndimaigwira ndekha, mwaulere."